Kuchiza Odwala Onse Mosasankha: Phunziro Lochokera ku Britain

M'parishi imodzi muli amuna awiri amene agwada pa benchi limodzi pa Misa ya Lamulungu. Woyamba ndi kalaliki wa pa kampani ina. Mwezi ndi mwezi bwana wake amdula ndalama pang'ono pa malipiro, naonjezapo zake, kotero kuti kalalikiyo ayenda ndi khadi la inshuwalansi m'thumba. Wachiwiri ndi mlimi wa chimanga ndi mtedza, amene aona ndalama kamodzi pa chaka. Ana a amuna awiriwa akagwidwa chibayo usiku umodzi, wa kalaliki afika kwa dotolo kusanache. Koma mlimi ayamba wawerenga mbuzi zake, napita kukagogoda kwa abale, nayembekeza kuti kapena thupi la mwana lizizira lokha. Nthenda ndi imodzi, anawo ali ofanana pamaso pa Mulungu, koma wina achira msanga, wina afika ku chipatala mochedwa.

Phunziro ili lifotokoza gwero la kusiyana kumeneku, ndi momwe anthu a ku Britain adayesera kukuthetsa. Akatekisti angathe kuliwerenga pa misonkhano ya miphakati, nakambirana ndi akhristu mafunso amene ali kumapeto.

1. Kodi inshuwalansi ya matenda nchiyani?

Pa mudzi pakagwa maliro, nyumba iliyonse itulutsa ufa, nkhuni kapena ndalama, ndipo katundu amene akadathyola banja limodzi apepuka chifukwa asenzedwa ndi ambiri. Palibe wodziwa kuti mawa maliro adzagwa pa khomo la yani, nchifukwa chake onse asonkha mosanyinyirika. Inshuwalansi ya matenda yamangidwa pa nzeru yomweyi. Anthu ambiri aponya ndalama pang'ono m'thumba limodzi akali bwino, ndipo owerengeka amene adwala chaka chimenecho achizidwa ndi ndalama za m'thumbamo.

Nzeruyi njabwino, koma funso lalikulu ndi ili: ndani aloledwa kulowa m'thumbamo? Thumba likakhala la kampani yofuna phindu, nkhalamba ndi munthu wa nthenda yosatha, monga ya shuga, alipitsidwa zambiri kapena akanidwa kumene, pakuti iwo ndiwo adzatapamo kwambiri. Thumba likamangidwa pa malipiro a pa mwezi, mlimi, waganyu, mkazi wamasiye ndi wogulitsa tomato pa msika atsala kunja, pakuti alibe bwana wowadula ndalama. Ndipo wantchito amene wadwala nthawi yaitali nachotsedwa ntchito ataya khadi lake pa nthawi imene alisowa koposa. Motero otetezedwa akhala anthu amphamvu ndi a ndalama, pamene osauka, amene matenda awakonda, akhala pa mtetete. Dotolo wina wa ku Wales, Julian Tudor Hart, adalemba mu 1971 kuti thandizo labwino la chipatala licheperachepera kumene anthu alisowa kwambiri, makamaka pamene lasiyidwa m'manja mwa malonda.

2. Lamulo la 1911 ndi anthu amene lidawasiya

Dziko loyamba kukakamiza antchito kulowa m'thumba la matenda lidali Germany, mu 1883, pa nthawi ya Bismarck. Britain adatsatira mu 1911, pamene nduna ya chuma, David Lloyd George, idapititsa lamulo lotere ku Nyumba ya Malamulo. Mwamuna wantchito ankapereka makobiri 4 pa sabata, bwana wake tiki, ndiye kuti makobiri 3, ndipo Boma linkaonjeza makobiri 2. Wantchitoyo akadwala ankaonedwa ndi dotolo, nalandira mankhwala osalipira, napatsidwanso ndalama pang'ono zodyera pa masabata amene sadathe kugwira ntchito.

Lamuloli lidathandiza ambiri, koma lidali ndi mipata iwiri yaikulu. Woyamba, lidateteza wantchito yekha. Mkazi wake wokhala pa khomo, ana ake ndi makolo ake okalamba sadawerengedwe. Wachiwiri, lidafika kwa dotolo wa pa mudzi basi, osafika ku chipatala chogonekera odwala, kupatula thandizo lina la odwala chifuwa chachikulu. Pofika mu 1939, pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba, anthu otetezedwa ndi lamuloli adali osakwana theka la mtundu wonse.

M'nyumba imodzi, tsono, bambo ankapita kwa dotolo mwaulere, pamene mayi ankabisa matenda ake zaka ndi zaka kuti ndalama zitsale za chakudya ndi za lendi. Mwana akadwala, makolo ankayamba ayesa mankhwala a m'sitolo, naitana dotolo zinthu zitafika poipa. Zipatala zina zinkayenda ndi zopereka za anthu achifundo, ndipo kumeneko wodwala ankafunsidwa za chuma chake kuti aone zimene angathe kulipira. Zina zidali za makhonsolo, ndipo zambiri mwa izo zidachokera ku nyumba zakale zosungirako amphawi, kumene anthu ankachita manyazi kulowa.

3. Mzinda wa Tredegar

Kumwera kwa Wales kuli mzinda waung'ono wa Tredegar, wa anthu okumba malasha ndi osula zitsulo. Cha m'ma 1890 antchito a kumeneko adapanga bungwe lawo la matenda, navomera kuti azidulidwa ndalama pang'ono pa malipiro awo. Chimene chidasiyanitsa bungweli ndi lamulo la Boma nchakuti thumba lawo lidafungatira banja lonse: mkazi, ana ndi okalamba. Pambuyo pake adatsekulira khomo anthu ena a mu mzindamo, monga aphunzitsi ndi a masitolo, mpaka pafupifupi anthu 95 mwa 100 aliwonse adali m'katimo. Bungweli linkalemba ntchito madotolo ake ndi anamwino, ndipo oliyendetsa ankasankhidwa ndi antchito eni ake.

Mu mzinda umenewu mudabadwa Aneurin Bevan mu 1897. Adasiya sukulu ali ndi zaka 13, nalowa ntchito ya ku mgodi, ndipo mu 1925 bambo wake adafa ndi nthenda ya m'mapapo yobwera ndi fumbi la malasha. Bevan adakula akuona zinthu ziwiri: momwe matenda asaukitsira banja la wantchito, ndi momwe thumba la onse lichotsera mantha amenewo. Mu 1929 adasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo chipani cha Labour chitapambana mu 1945, adakhala nduna ya za umoyo.

4. Tsiku la 5 Julayi 1948

Nkhondo ili m'kati, mu 1942, William Beveridge adapereka ku Boma lipoti limene lidatchula adani asanu a mtundu: umphawi, matenda, umbuli, nyumba zoipa ndi ulova. Lipotilo lidati Boma likonze thandizo la chipatala lofikira munthu aliyense. Anthu amene adali kufa pamodzi ku nkhondo ndi kubisala mabomba m'dzenje limodzi adalilandira ndi manja awiri.

Bevan adapititsa lamulo mu 1946, ndipo pa 5 Julayi 1948 ntchito yotchedwa National Health Service idayamba. Mwambo wake udachitikira pa Park Hospital, pafupi ndi mzinda wa Manchester. Maziko ake adali atatu. Loyamba, thandizo likhale la munthu aliyense, wantchito ndi wosagwira ntchito, mwamuna, mkazi ndi mwana. Lachiwiri, wodwala asalipire kanthu pa khomo la chipatala. Lachitatu, muyeso wa thandizo ukhale kukula kwa nthenda, osati kukula kwa thumba la munthu. Ndalama zoyendetsera ntchitoyi zidachokera makamaka ku msonkho, ndiye kuti wopeza zambiri apereka zambiri, wopeza zochepa apereka zochepa, koma pa bedi la chipatala onse afanana.

Zimenezi sizidabwere mosavuta. Bungwe la madotolo lidakana kolimba, ndipo kumayambiriro kwa 1948 ambiri mwa iwo adavota kuti salowamo, poopa kusanduka antchito a Boma. Bevan adagonjera pa zina: adalola madotolo akuluakulu kuti azionabe odwala olipira pambali, nasiya madotolo a m'midzi kuti akhale odziimira okha, ogwira ntchito ndi Boma mwa pangano. Pa mutu weniweni, wakuti wodwala asalipire pa khomo, sadasunthe. Pa zaka zimenezo Dr Hastings Kamuzu Banda, amene pambuyo pake adatsogolera Malawi, adali kugwira ntchito ya udotolo mu mzinda wa London.

Miyezi yoyamba idaulula kukula kwa mavuto amene adali obisika. Anthu miyandamiyanda adadza kudzafuna mandala ndi mano oikirira, ndipo amayi ambiri adafika ndi matenda amene adawapirira kuyambira pa uchembere wawo woyamba. Akhristu azindikire bwino chinthu chimodzi apa: Britain sadachite zimenezi ali pa ulemerero. Dzikolo lidatuluka m'nkhondo lili ndi ngongole zazikulu, mizinda yake ili yogumuka, ndipo chakudya chinkagulitsidwa moyeza. Nyama idayezedwa mpaka mu 1954.

5. Zolemetsa zake

Kungakhale kunama kunena kuti njira imeneyi ilibe minga. Ndalama zidapita zambiri kuposa momwe adayerekezera. Mu 1951 Boma lidayamba kulipitsa gawo la mtengo wa mandala ndi mano oikirira, ndipo Bevan adatula pansi unduna posagwirizana nazo. Mu 1952 adaika mtengo wa shilingi 1 pa chikalata cha mankhwala cholembedwa ndi dotolo. Pambuyo pake Wales adachotsa mtengo wotere mu 2007, Northern Ireland mu 2010, ndi Scotland mu 2011, koma ku England udatsala, ngakhale ana, okalamba ndi osauka sakhudzidwa nawo.

Vuto lina ndi kuyembekeza. Pamene khomo lili lotsekukira onse, mzere utalika, ndipo mu 2023 mndandanda wa oyembekeza thandizo la chipatala ku England udapitirira 7 miliyoni. Olemera ena agula inshuwalansi yapadera kuti adumphe mzerewo, motero kusiyana kumene kudatulukira pa khomo kubwerera pa zenera. Dzikolo lidadaliranso anamwino ndi madotolo ochokera ku maiko osauka. M'zaka zoyamba pambuyo pa 2000 anamwino ambiri a ku Malawi adapita kukagwira ntchito kumeneko, nasiya zipatala za kwawo zili zoperewera. Thumba la onse, tsono, lifuna msonkho wokwanira, antchito okwanira ndi oyang'anira okhulupirika. Popanda zimenezi, ufulu wa wodwala utsala pa pepala.

6. Kumene njira ya khadi idapitirira

Dziko la United States lidasunga njira yomanga inshuwalansi pa ntchito ya munthu. Mu 1965 Boma lidakhazikitsa Medicare ya okalamba ndi Medicaid ya osauka ena, ndipo mu 2010 lamulo la nthawi ya Barack Obama lidaletsa makampani kukana munthu chifukwa cha nthenda imene ali nayo kale. Komabe mu 2023 anthu pafupifupi 26 miliyoni a m'dzikolo adalibe inshuwalansi iliyonse, ngakhale dzikolo liononga ndalama zambiri pa munthu mmodzi pa za umoyo kuposa dziko lina lililonse. Apa paoneka kuti kuchuluka kwa chuma pakokha sikuchiza osauka. Chofunika ndi momwe thumba lamangidwira.

Ena anena kuti zimenezi nza maiko olemera okha. Koma Thailand, dziko la alimi a mpunga, lidakhazikitsa mu 2002 njira yofikira onse amene adalibe inshuwalansi, zaka zochepa chabe litagwa m'mavuto a chuma a mu 1997. Wodwala ankalipira ndalama yochepa, ma baht 30, ndipo zotsala zinkachokera ku msonkho.

7. Kodi Eklezia aphunzitsa chiyani?

Eklezia sasankhira maiko njira imodzi yoyendetsera zipatala, pakuti imeneyo ndi ntchito ya nzika ndi atsogoleri awo. Koma pa cholinga chake aphunzitsa momveka. Papa Yohane XXIII, m'kalata yake yotchedwa Pacem in Terris ya pa 11 Epulo 1963, adawerengera thandizo la mankhwala pamodzi ndi chakudya, zovala ndi pogona, monga zinthu zimene munthu aliyense ali nazo ufulu chifukwa ndi munthu. Adaonjeza kuti munthu ayenera kusamalidwa pa nthawi ya matenda, ya ulumali, ya umasiye, ya ukalamba ndi ya ulova. Ufulu umenewu sadaumange pa ntchito ya munthu kapena pa malipiro ake.

Pa chifukwa chimenechi mkhristu asiyanitse chifundo ndi chilungamo. Chifundo chipatsa wodwala mmodzi amene wakomana naye pa njira. Chilungamo chikonza zinthu kuti wodwala aliyense, wodziwika ndi wosadziwika, asadalire mwayi wokomana ndi munthu wachifundo. M'fanizo la Msamariya, pa mutu 10 wa Mthenga wa Luka, munthuyo sadangomanga mabala basi. Adasiya ndalama kwa mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kudzalipira zotsala, osafunsa ngati wovulalayo adali wantchito wa yani. Msonkho woperekedwa mokhulupirika ndi kugwiritsidwa ntchito mokhulupirika uli ngati ndalama zosiyidwa kwa mwini nyumba uja, zolipirira mlendo amene woperekayo sadzamuona nkomwe.

Maepiskopi a ku Malawi nawonso, m'kalata yawo ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, adadandaula za kudzaza kwa odwala m'zipatala, za kuchepa kwa antchito, ndi za kusiyanitsa anthu powachiza, napempha kuti thandizo lifikire onse mosayang'ana nkhope.

8. Nanga ku Malawi?

Malawi ali kale ndi mbali imodzi ya nzeru ya Bevan, pakuti m'zipatala za Boma wodwala salipira pa khomo, kupatula m'zipinda zapadera za olipira. Ichi ndi chuma choyenera kuchisunga. Koma mankhwala akasowa, wodwala atumizidwa kukagula ku sitolo, ndipo pamenepo wa khadi ndi wa ndalama achira, wosauka abwerera chimanjamanja. Kafukufuku wa Boma wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100, okhala ndi inshuwalansi ya matenda sadapitirire awiri.

Nkhaniyi ikhudza Eklezia mwini wake. Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zisenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yonse yochiza, makamaka ku midzi yakutali. Zipatalazi zilipitsa odwala, chifukwa mankhwala, magetsi ndi mafuta a ambulansi sizibwera zaulere. Chotsatira chake nchowawa: munthu wa m'tauni, woyandikana ndi chipatala cha Boma, achizidwa kwaulere, pamene mlimi wosauka woyandikana ndi mishoni alipira. Kuyambira mu 2006 Boma lidayamba kupangana ndi zipatala za mipingo kuti amayi apakati ndi ana obadwa kumene azithandizidwa kwaulere, Boma nkumabweza ndalamazo. Mapanganowa asonyeza njira yoyenera: thumba limodzi la mtundu wonse lilipirire wodwala pa chipatala chimene chili pafupi naye, kaya ncha Boma kaya ncha mishoni. Koma ndalama za Boma zikachedwa kufika, asisteri ndi oyang'anira zipatala atsala pakati pa moto uwiri, wa wodwala wopanda ndalama ndi wa nkhokwe yopanda mankhwala.

Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza kupatula magawo 15 mwa 100 a ndalama za Boma za pa chaka kuti zipite ku za umoyo, ndipo mu 2015 maiko a m'bungwe la United Nations adalonjeza thandizo la chipatala kwa onse pofika mu 2030. Malonjezo otere sadzikwaniritsa okha. Ayembekeza nzika zowakumbukira ndi kuwafunsa.

9. Zimene mkhristu ayenera kuchita

Wantchito amene ali ndi khadi asaganize kuti nkhaniyi siimkhudza. Khadi lake likhala pamene ntchito ikhala, ndipo makolo ake ali ku mudzi opanda khadi. Akulu akale adati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iye apereke msonkho mosazemba, ndipo asanyoze osauka amene athandizidwa nawo.

Wogwira ntchito m'chipatala adziwe kuti kuba mankhwala, kapena kulandira chiphuphu kuti wina adumphe mzere, ndi tchimo lolakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndipo wodwala akafa chifukwa cha zimenezo, lilakwiranso lachisanu. Mkhristu wogula mankhwala amene adziwa kuti ngobedwa ku chipatala agawana nalo tchimolo.

Akhristu a m'miphakati alowe m'makomiti oyang'anira zipatala za m'dera lawo, nafunse aphungu ndi makhansala za ndalama za mankhwala, mwaulemu koma mosaopa. Angathenso kuyamba thumba lawo la matenda, monga adachitira anthu a ku Tredegar, losonkhera ulendo wa ku chipatala ndi mtengo wa mankhwala. Koma asamale ziwiri: ndalama zilembedwe ndi kuwerengedwa poyera, ndipo wamasiye ndi nkhalamba yosatha kusonkha asatsekeredwe kunja. Thumba limene liwasiya amenewa labwereza cholakwa cha lamulo la 1911. Akumbukirenso kuti thumba la mphakati umodzi silingathe kulipira opaleshoni kapena nthenda ya khansa. Anthu a ku Tredegar adayamba ndi mzinda wawo, koma ntchitoyo idakwanira pamene mtundu wonse udalowa m'thumba limodzi.

Mafunso okambirana

1. Kodi lamulo la ku Britain la 1911 lidasiya anthu ati kunja, ndipo m'parishi muno ofanana nawo ndani?

2. Kodi maziko atatu a ntchito imene idayamba pa 5 Julayi 1948 adali otani?

3. Kodi chifundo ndi chilungamo zisiyana bwanji pa nkhani ya odwala?

4. Kodi m'mphakati uno alipo amene adachedwa kupita ku chipatala chaka chino chifukwa chosowa ndalama? Akhristu anzake adachitapo chiyani?

5. Kodi mphakati uno uli ndi munthu m'komiti ya chipatala chapafupi? Ngati ulibe, adzapita ndani?